Mutu wa Keziya mu Envulopu

Mutu wa Keziya ndinaunyamula ndine kuchokera ku Mbeya, mu envulopu yaikulu ya khaki, nditaupanira m'khwapa. Mwini mutuyo ankayenda patsogolo panga akudya chipisi cha mazira, mafuta ali noninoni kukamwa, ngati palibe chachitika.

Keziya ndi mwana wa malemu mkulu wanga. Kwathu ku Kaporo mwana wa mkulu wako ndi wako, ndiye iye amanditchula tata, ine ndimamutchula chilichonse chimene chabwera pakamwa. Amagulitsa zitenje za ku Kyela pamsika, ndipo pakamwa pake ndi pakuthwa kuposa sizasi yake. Ine ndine Ambokile Mwakalinga, wa mpunga. Ndimagula kilombero kwa alimi n'kugulitsa kwa anthu a malole ochokera ku Lilongwe. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, osati chifukwa cha umbuli ayi, aphunzitsi ndi amene anatopa. Koma dziko ndaliyenda. Tunduma, Dar es Salaam, ngakhale ku Joni ndinakafika, mpaka boma la kumeneko linandilemekeza ndi ulendo waulere wobwerera kwathu.

Matenda a mwanayu anayamba mwakachetechete. Chaka chatha nthawi yowokera mpunga diso lake lamanzere linachita chifunga, likupweteka akalitembenuza. Tinati ndi matope alowamo. Linachira lokha. Chaka chino dzanja lamanja ndi tsaya zinachita dzanzi, sizasi n'kumangopulumuka m'manja. Kuchipatala anayeza malungo, shuga, magazi, zonse zili bwinobwino. Dokotala wina wachinyamata ndiye anati izi zikufunika makina ojambula m'kati mwa mutu, a MRI. Blantyre ndi kutali. Kwa ife Mbeya ndi kuseri kwa nyumba. Tinawoloka Songwe.

Makinawo ali ngati thanki ya madzi yogonekedwa chammbali. Anamuvula ndolo, anamuzula mapini a m'tsitsi, n'kumulowetsamo ngati buledi mu uvuni. Phokoso lake ngati chigayo chameza mwala. Ine ndili panja ndinapemphera m'zinenero zinayi, kuti mwina chimodzi chifike msanga.

Dokotala wake anali mayi wamfupi wochokera ku Dar, Dokotala Angela. Anapachika zithunzi pa galasi lowala n'kutiuza dzina la matendawo: multiple sclerosis. Ndinawapempha atchulenso, chifukwa linamveka ngati kampani ya feteleza.

"Mitsempha ya mu ubongo ili ngati mawaya a magetsi," anatero mayiwo m'Chiswahili chofewa. "Waya aliyense ali ndi chikutiro chake. Pa matendawa asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kutafuna chikutirocho. Pamene atafuna pamatsala chipsera. Ndi timadontho toyerati. Kuno kwathu matendawa ndi osowa, koma alipo."

Keziya sazungulira. "Ndidzalumala?"

"Chithunzi si mneneri, mwanangu, koma chimatiuza zambiri. Timaona zipserazo ndi zingati, zili pati, ndipo ubongo wafota kapena ayi. Zako ndi zinayi, zazing'ono. Apa pa tsinde la ubongo palibe. Mtsempha waukulu wa mu msana uli woyera kuyambira m'khosi mpaka pansi. Ubongo wadzaza m'chigoba chake. Anthu oyamba ndi chithunzi ngati ichi, ambiri amakhala akuyendabe ndi miyendo yawo patapita zaka zambiri, makamaka akayamba mankhwala msanga. Zikanakhala zambiri, kapena za mu msana, ndikanakulankhula ndi nkhope ina."

"Ndamva, daktari!" ndinalumpha. "Ntchito imeneyi ndi yanganso. Thumba la mpunga sindikhuthula lonse. Ndimangobaya ndi kachitsulo, kuona m'dzanja, basi ndadziwa."

"Mzee, thumba lanu silimera zinthu zatsopano m'kati."

"Limamera anankafumbwe."

Mayiwo anaseka mpaka kuvula magalasi. "Ndiye mwamvadi. N'chifukwa chake abwerenso chaka chamawa tidzajambulenso. Chithunzi chachiwiri chimalankhula mokweza kuposa choyamba."

Tinatuluka ngati anthu oledzera. Tinapita kumeneko tikuganiza za chotupa, za maliro, ine ndinali nditayamba kale kusankha nyimbo mumtima. Tsopano akuti adzayenda! Pa siteji ya basi ndinavina, Keziya n'kumauza anthu kuti sandidziwa.

Munthu ukasangalala sungabise. Titawoloka malire n'kukwera minibasi ya ku Kaporo, ndinatulutsa chithunzi chimodzi n'kuchigunditsa pa zenera kuti dzuwa lichiwalitse. Anthu anasuzumira mpaka dalaivala anatsala pang'ono kulowa m'munda. Mayi wina wa nthochi anafunsa kuti zoyerazi n'chiyani. Ndinati zipsera zazing'ono. Pofika pa Kaporo zipsera zija zinali zitasanduka zilonda. M'mawa mwake zinali mphutsi. Pofika Lamulungu, kutchalitchi anapempherera mwana wathu amene ubongo wake watsala theka.

Tsono Keziya anali pa chitomero. Mwamuna wake ndi Jeffrey, mphunzitsi wa pulayimale, munthu wabwino, wofatsa ngati mkaka. Ng'ombe za malowolo zimayenera kubwera Loweruka lotsatira. Vuto silinali Jeffrey. Vuto linali bambo ake, a Golden Mwangosi.

A Golden ndi munthu wa ng'ombe. Agula ndi kugulitsa ng'ombe moyo wawo wonse, ndipo sanagulepo ngakhale imodzi osaiyasamulitsa kukamwa. Komanso ndi mmodzi mwa otsala amene akusungabe mwambo wakale wa Ankhonde, woti bambo saonana nkhope ndi mkazi wa mwana wake. Mkaziyo timamutcha mkamwana. Iye satchula dzina la apongozi akewo, sakhala pamene iwo ali, akawaona panjira amapatuka n'kudzifunda. Iwonso sayenera kumuyang'ana, ndi chinthu chamanyazi kwambiri. Masiku ano ambiri anazisiya, apongozi ndi mkamwana amajambulitsa limodzi pafoni mano ali pamtunda. Koma a Golden ayi. Chiyambire chitomero sanamuyang'anepo Keziya. Tsiku lina anakumanizana pa kanjira kopapatiza ka pakati pa minda ya mpunga. Mwana wanga anadumphira m'madzi mpaka m'mawondo, a Golden n'kuima chilili akuyang'ana kumwamba ngati aona ndege yachilendo.

Lolemba kunabwera a Saidi, thenga wa nkhaniyi. A Saidi ndi a ku Mangochi, ali ndi golosale pa Kaporo kuyambira ndili ndi tsitsi, koma Chinkhonde chawo chimathera pa ndagha, liwu lathu lothokozera ndi loyankhira moni. A Golden anawasankha chifukwa samwa. Uthenga ukawapatsa umafika wonse.

"Che Ambokile," anatero atakhala pansi, "akuti nkhani ija iyambe yaima."

"Yaima kapena yagona?"

"Ine ndatumidwa kuti yaima. Akuti sangamutengere mwana wawo chipatala m'nyumba."

Keziya anamva ali kuseri kwa chitseko. Sanalire, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa. A Saidi atapita anatuluka n'kundiimirira kutsogolo.

"Tata, ndi inu ndi minibasi yanu ija."

"Ine ndinanena zoona zokhazokha. Bodza linakwera pa siteji ina."

Masana Jeffrey anafika pa njinga, thukuta lili kamukamu, choko chili m'malaya. "Keziya, ine sindinasinthe," anatero.

"Ukuuza ine? Kauze amene asinthawo."

Jeffrey anayang'ana nsapato zake. Mwanayu amalamula ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi imodzi, koma bambo ake akatsokomola mawu ake amatsikira m'masokosi.

Ndinatumiza a Saidi ndi mawu amodzi okha: abwere adzaone okha. Ndinkadziwa kuti munthu woyasamulitsa ng'ombe sangakane kuona. Anthu amati ndinachita kutchera msampha. Ndikanakhala ndi nzeru zotero bwenzi ndili nduna ya zaulimi. Ine ndinkangofuna aone kuti mphutsi mulibe.

Anabwera Lachinayi m'mawa. A Golden patsogolo, chipewa cha mlaza, ndodo m'manja. A Saidi pakati. Jeffrey kumbuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinayala mipando pansi pa mtengo wa mango. Keziya anali m'nyumba ndi mkazi wanga Yunike, ndi amayi ena amene anangopezeka kuti onse abwera kudzabwereka mchere tsiku lomwelo.

"Mughonile, a Mwangosi," ndinawapatsa moni wa kwathu.

"Ena, ndagha." Sanakhale pansi. Anatembenukira ku Chichewa kuti a Saidi amve. "Ndisanakhale, tigwirizane kaye. Pano palibe mkamwana wanga. Pali mtsikana wa pamudzi, ngati atsikana ena onse. A Saidi, mwamva?"

"Ndamva."

"Bweretsa, Ambokile."

Ndinatulutsa chithunzi choyamba. Ndi chipepala chakuda cholimba, pali timitu tambirimbiri tondandalika m'mizere. A Golden anapukuta manja pa buluku, anachinyamula n'kuchilozetsa ku dzuwa, diso limodzi atatsinzina.

"Mitu yonseyi ndi ya munthu mmodzi?"

"Mmodzi. Makinawo amaona ngati akudula mapisi, kuyambira pa liwombo kutsika."

"Hmm." Anayamba kuwerenga ndi chala. "Chimodzi. Ziwiri. Zitatu..." Anapitirira khumi, akulowera ku makumi awiri, nkhope ikuwala ngati munthu amene wapeza nkhupakupa pa ng'ombe ya mnzake. "Iwe unati zinayi!"

"Tata," anayamba Jeffrey, "chipsera chimodzi chikhoza kuoneka m'mapisi..."

"Iwe phunzitsa ana."

Ndinathamangira kukhitchini, ndinatenga nthochi yaiwisi imene Yunike amafuna kuphikira mbalagha, nthochi zophika ndi nyama. Ndinaibaya ndi kamtengo chamlitali, n'kuidula mapisi pamaso pawo. Ndinayala mapisiwo pa benchi. Lililonse linali ndi kabowo.

"Mabowo angati, a Mwangosi?"

"Asanu."

"Ndabaya kangati?"

Anatola pisi limodzi, analinunkhiza, n'kulibweza.

"Nanga zazikulu zili pakatizi, ngati mapiko a gulugufe?"

"Ndi madzi amenewo. Aliyense ali nawo. Inunso muli nawo, mwina ochulukirapo."

A Saidi anatsokomola m'dzanja.

Ndiye ndinawafotokozera zonse monga ananenera dokotala, za mawaya, za asilikali osokonezeka, za tsinde loyera ndi msana woyera, za ubongo wodzaza m'chigoba. Ndinalankhula bwino kwambiri moti ndinadzimvera chisoni kuti ndinathera mu mpunga.

"Dokotala wa ku Tanzania," anatero a Golden. "Amene anakugulitsa wailesi yosalankhula aja anali a kuti?"

"A ku Tanzania. Nanga njinga yamoto mwakwera zaka zonsezi inachokera ku Nsanje?"

Anangoti fwee m'mphuno n'kubwerera ku chithunzi. Chala chinatsika mpaka mzere wapansi. Mwadzidzidzi anaimirira, mpando n'kugwa chagada.

"Eya! Ndakugwira! Nanga izi? Izi sunanene! A Saidi, bwerani muone, mukhale mboni. Zilonda ziwiri ngati mazira a bakha!"

Ndinasuzumira. Kutsogolo kwa kamutu kameneko kunalidi mipira iwiri yoyera mbee, yoburungira bwino.

"Amenewo ndi maso, a Mwangosi."

"Maso?"

"Maso."

"A ndani?"

"A mwini mutu. Akukuyang'anani."

Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa. A Golden, pofuna kubisa manyazi, anatola msanga chithunzi chachiwiri pa benchi n'kuchikweza ku dzuwa. Tsoka lake chimenecho chinali cha chammbali. Palibe chobisika pamenepo. Chipumi, mphuno ija ya kwa Mwakalinga yosasokonekera ndi ya wina aliyense, milomo, chibwano. Lilime lili m'kamwa phee. Keziya yense, wopanda duku, wopanda tsitsi, wopanda ngakhale khungu.

"Kyala!" anakuwa a Golden, kuitana Mulungu m'Chinkhonde.

Chithunzi chinauluka. Chipewa anachikokera kumaso. Munthu amene amadandaula nyamakazi chaka chonse anadumpha benchi ngati mwana wa sukulu, ndodo n'kuisiya pomwepo, ulendo wa ku nthochi za kuseri kwa khola. Tinangoona masamba akugwedezeka.

Ine mutu unayamba kugwira ntchito mochedwa, koma utagwira unagwira ngati jenereta.

"A Saidi," ndinatero mokweza kuti nthochi zimve, "ndikumbutseni, ine ndi wa sitandade sikisi. Anati chiyani asanakhale pansi?"

"Anati pano palibe mkamwana wawo."

"Anati pali ndani?"

"Mtsikana wa pamudzi."

"Tsono akuthawa ndani? Kuyambira liti mkulu ngati uyu kuthawa mtsikana wa pamudzi? Atsikana onse a pa Kaporo mumawathawa chonchi, a Mwangosi? Kumsika mumafika bwanji?"

"Ambokile, ndiwe mfiti!" anayankha mawu a m'nthochi. "Unadziwa! Wandionetsa dala!"

"Ndakuonetsani ndani? Tchulani, thenga alembe m'mutu."

"Ukudziwa!"

"Sindikudziwa. Ine ndinakuonetsani mlendo. Ngati ndi mlendo tulukani mudzamalize kuwerenga, kwatsala zithunzi zitatu. China chikuonetsa mpaka kummero."

"Usayerekeze! Ndamuona m'kamwa! Ine, Golden! M'kamwa mwa mkamwana wanga!"

Mawuwo asanagwe pansi, m'nyumba munaphulika nthungululu. Yunike anatuluka akuvina ndi mthiko, amayi a mchere aja pambuyo pake, wina akuimba sefuliya ngati ng'oma. A Saidi, munthu waulemu wake, anakhala pansi pa dothi akuseka mpaka kofia inagwa. Jeffrey ankayesetsa kusaseka bambo ake, nkhope itafufuma ngati chitumbuwa. Ine ndinavina malipenga ndekhandekha, ndodo ya a Golden ili paphewa ngati mfuti.

"Wanena! Wanena yekha! Mboni ilipo, ndipo simamwa!"

Pamenepo chitseko chinatseguka kachiwiri. Keziya anatuluka chafutambuyo, chitenje atafunda kumutu, msana ataulozetsa ku nthochi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo. Nthungululu zinazima imodziimodzi.

"A Saidi," anatero.

"Mama."

"Kawauzeni amene ali ku nthochiwo kuti ine sindikufuna apongozi ogwidwa pa msampha."

"Mwana iwe," ndinanong'ona, "tapambana kale. Lowa m'nyumba."

"Tata, inu mwalankhula mokwanira. Munayambira mu minibasi."

A Saidi anaimirira, anavala kofia, anayang'ana ku nthochi n'kubwereza mawuwo mokuwa, ngakhale aliyense mpaka khola anali atamva kale.

"Auzeninso," anapitiriza Keziya, "kuti tata anena zokoma zokhazokha. Dokotala sanalonjeze. Anati ambiri, sanati onse. Matendawa sachoka. Akhoza kudzabweranso, diso kapena dzanja kapena mwendo. Mankhwala ake ndi ovuta kupeza, ndipo ndizipita kukajambulitsa chaka ndi chaka. Chithunzi cha chaka chamawa chikhoza kudzakhala choipa. Mwina tsiku lina ndidzayendera ndodo. Chithunzichi chikuti mwayi wanga ndi waukulu, basi, sichikunena china. Ngati akuopa, anene lero, pamaso pa anthu. Sindidzawada."

A Saidi anabwereza zonse, osasiya ngakhale liwu limodzi.

Kenako ndinamva mpando ukukhwekhwerezeka. Jeffrey anali ataimirira.

"A Saidi, auzeninso kuti..." Mawu anathawira m'masokosi, koma anawatsatira komweko n'kuwabweza. "Auzeni kuti ng'ombe zibwere kapena zisabwere, ine ndikukwatira Keziya. Ndodo ikadzafunika ndidzasema ndine."

A Saidi anatsegula pakamwa, koma nthochi zinawatsogolera.

"Iwe? Kusema ndodo? Pensulo imakukanika kusongola!"

"Ndidzaphunzira, tata."

"Udzamugwetsa mwana wa eni ake ndi ndodo ya chinangwa. Khala pansi." Masamba anagwedezeka. "A Saidi!"

"Ndili pano."

"Mufunseni. Matendawo amapatsirana?"

"Akuti amapatsirana?"

"Auzeni ayi," anatero Keziya.

"Akuti ayi."

"Nanga ana? Adzabereka?"

"Auzeni dokotala anati palibe choletsa. Koma auzeninso kuti zimenezo afunsenso mwana wawo, si ntchito ya munthu mmodzi."

Amayi aja anagwirana mapewa. A Saidi anayang'ana kumwamba kupempha mphamvu, n'kubwereza momwemo.

Ku nthochi kunamveka ngati munthu akutsamwa, ndipo sindinadziwe ngati ndi ukali kapena chiyani. Patapita kanthawi mawu anabwera, otsika tsopano.

"A Saidi, muuzeni kuti ine ng'ombe ndagula zambiri. Sindinakumanepo ndi wogulitsa wondiuza yekha kuti iyi mwina idzatsimphina."

"Auzeni sindine ng'ombe."

"Muuzeni ndikudziwa. Ng'ombe siyankha." Anapuma. "Mayi ake a Jeffrey ndakhala nawo mpaka imvi izi, m'mutu mwawo sindikudziwamo mpaka lero. Uyu ndamuona. Sindinayenere, koma ndamuona. Mulibe mphutsi. Muli timadontho tinayi ndi pakamwa."

"Asanu mabowo, kubaya kamodzi," ndinathandizira.

"Iwe khala chete, chigawenga. A Saidi, muuzeni kuti chaka chamawa ku Mbeya apite ndi mwamuna wake, osati ndi wailesi iyi. Ndipo za ndodo azisiye kwa ine. Ndikudziwa pamene pali mtengo wabwino. Ikadzapanda kufunika ndidzamenyera Ambokile."

Chitenje cha Keziya chinagwedezeka pang'ono pamapewa.

"Auzeni kuti ndagha," anatero.

"Akuti ndagha," anakuwa a Saidi, mokondwa kuti pafika liwu limene amalidziwa.

Zikanathera pomwepo zikanakhala zaulemu. Koma panabuka vuto lina. Kuseri kwa nthochi zanga kuli ngalande yodzaza madzi, ndipo njira yokha yotulukira kumsewu imadutsa pabwalo, pamene anaima Keziya. Ndinati mwana alowe m'nyumba. Yunike anati ayi, pakhomo paima amayi, ndipo mkamwana sangatembenuke apongozi ali pafupi chonchi. Ndikukhulupirira kuti mkazi wanga lamulo limeneli analipanga pomwepo. A Golden anati iwo sangadikire, nyerere zalowa m'buluku.

Ndiye anatuluka chafutambuyo, chipewa chili kumaso, a Saidi akuwawongolera ngati kondakitala wobweza lole pa chigayo.

"Bwerani, bwerani. Kumanzere pang'ono. Kumanzere kwanu, bwana, osati kwanga! Imani, pali mtondo. Bwerani. Wongolani."

Misana iwiri inadutsana pakati pa bwalo, wina wofunda chitenje, wina wofunda chipewa, yonse yowuma ngati matabwa. Jeffrey ankatsatira atanyamula ndodo ndi nsapato imodzi ya bambo ake. Atafika pa msewu a Golden anaima, osatembenuka.

"A Saidi! Auzeni akonze khola. Loweruka m'mawa!"

Bwalo linaphulikanso. Ine ndinali pakati pa kuvina pamene ndinaona Keziya akupinda mawondo. Anatsika pang'onopang'ono mpaka anakhala pansi pa dothi, chitenje chikunjenjemera. Mtima wanga unaima. Ndinathamanga, Jeffrey anataya nsapato n'kuthamanganso.

"Ndi miyendo? Keziya! Ukuimva miyendo?"

Anavundukula chitenje. Misozi ili mbwembwembwe, mpweya ukumuthera.

"Pali mtondo," anatero movutika. "Imani, pali mtondo!" N'kuyambanso kuseka.

Ndinamutambasulira dzanja kuti ndimudzutse. Analimenya.

"Chokani apa, tata."

Anadzuka yekha, anasasa fumbi kumbuyo, n'kutuma Jeffrey kuti akatole zithunzi zake nkhuku zisanaziponde.